Tsiku Limene Ba Hedi Anamwa Madzi Pamaso pa Ana

Ndinayamba uphunzitsi ndili mtsikana, pasukulu ina yaing'ono ya ku komboni ya Kanyama, yomwe makolo ndi mpingo anaimanga okha ndi mabuloko. Ndinkakhala ku komboni ina, ya George, kwa mkulu wanga. Nyengo ya mvula ndinkaika nsapato m'chikwama n'kuvala jombo, chifukwa kuchoka pamsewu kukafika pageti la sukulu unkayenda modumphadumpha pamiyala imene anthu anaponya m'madzi akuda bii. Ku Kanyama pansi ndi pathanthwe. Madzi salowa, amangokhala, n'kusakanikirana ndi za m'zimbudzi.

Anandipatsa Giledi 5. Ana anali ochuluka moti ena ankakhala pamasaka kutsogolo, ndipo ndikamalemba pabolodi ndinkasamala kuti ndisawaponde zala. Buku la sayansi linali limodzi, langa lomwelo. Munali zithunzi za mabotolo agalasi a makosi aatali ndi zipangizo zina zimene ine ndemwe ndinangoziona ku koleji zili m'kabati yokhoma. Ndinkalemba pabolodi, ana n'kukopera, kenako tinkabwereza limodzi mawu achingerezi mpaka atakhazikika m'mutu. Tsiku lina ndinawafunsa kuti madzi a pachithaphwi amapita kuti dzuwa likawala. Kalasi yonse inakuwa liwu lachingerezi lija ndinawaphunzitsa. Kenako ndinafunsa kuti liwulo likutanthauza chiyani. Ankangondiyang'ana, akudikira kuti ndiwapatse liwu lina loti akuwe.

Kuyambira pamenepo ndinayamba kutola zinthu. Mabotolo apulasitiki, zotsekera zake, makatoni, timapaipi tomwera zakumwa, mabatire otha a m'mawailesi, mapepala onyezimira a m'mapaketi a ndudu. Azimayi a pamsika ankandiona ndikuwerama pafupi ndi ngalande, n'kumakodolana. Mkulu wanga anandiuza kuti ngati ndinapita ku koleji kuti ndizidzatola zinyalala, kuli bwino ndizikazisiya kwa eni ake, osati pansi pa bedi lake.

Koma m'kalasi zinthu zinasintha. Tinamanga madzi pang'ono m'kathumba kapulasitiki n'kukapachika pawindo, ndipo masana ana anadzionera okha timadontho titaundana m'mwamba mwake. Tinadzala nyemba m'mabotolo odula pakati, pakati pa khoma la botolo ndi nyuzipepala yonyowa, kuti muzu uzioneka ukamatuluka. Tinapanga timagalimoto ta makatoni, mawilo ake a zotsekera mabotolo, toyenda ndi mpweya wa baluni. Tinakulunga nyuzipepala zolimba ngati ndodo n'kumanga milatho pakati pa madesiki awiri, n'kumaikapo miyala mpaka mlatho utagwa. Tsiku limene kababu ka tochi kanayaka ndi mabatire otha ndi pepala la ndudu, ana anakuwa mpaka mphunzitsi wa kalasi yoyandikana nayo anabwera akuthamanga, akuyesa kuti kwagwa ndewu.

Panali mawu amene ndinkawabwereza pafupifupi tsiku lililonse. Ndinkati, musavomere chinthu chifukwa choti ndanena ine. Yesani nokha, muone ndi maso anu. Ndinkawanena monyadira, ndipo ana anawamva.

Amene anawamva kuposa onse anali mtsikana wina wochepa thupi, wovala mpango kumutu, yemwe ankakhala pafupi ndi khomo. Bambo ake anali telala, Msilamu wochokera ku Malawi amene anakhazikika kuno kalekale, ndipo ankasoka pakhonde la shopu ina pafupi ndi msika. Mwanayu sankalankhula kwambiri, koma manja ake sankakhala chete. Ankabwera ndi timitengo tokulungira ulusi, mapini opindika ndi tizidutswa ta nsalu. Ndi iyeyo anapanga kachingwe kodutsa patimitengo tija, kokweza mwala wolemera ndi chala chimodzi. Mlatho wake ukagwa sankakwiya. Ankatola mapepalawo n'kumayang'anitsitsa pamene payambira kupindika. Kwawo anali ndi mng'ono wake wamkazi wongoyamba kumene kulankhula, ndipo zonse zimene tinkapanga m'kalasi ankakazipanganso kunyumba kuti kamwanako kaone.

Ba Hedi, mkulu wa sukulu yathu, sankakondwa nazo. Anali bambo wachikulire, wa suti ndi kampango m'thumba, mkulu wa mpingo womwe unamanga sukuluyo. Tsiku lina anaima pakhomo la kalasi yanga n'kuyang'ana mabotolo atandandalikidwa pawindo.

"Ba Ticha, ivi ni vichani? Kalasi mwaisandutsa pamalabishi. Makolo afuna manotsi m'mabuku, si vidoli."

Ndinayesa kufotokoza, koma anakweza dzanja. Anati mayeso salemba mabotolo. Madzulo a tsiku limenelo ndinalongedza zonse m'thumba la ufa n'kulibisa kuseri kwa chitseko. Tinkazitulutsa Ba Hedi akapita kumisonkhano, ndipo misonkhano inali yambiri.

Mvula itayandikira ndinaphunzitsa za kusefa madzi. Botolo timalidula kunsi n'kulizondotsa, pakamwa pake timamangapo kansalu, kenako timathira makala osinja, mchenga wotsuka, ndi timiyala pamwamba. Tinatunga madzi a m'ngalande ya kuseri kwa sukulu, odera ngati tiyi wamkaka, n'kuwathira pamwamba. Anayamba kudontha pansi ali mbuu, kenako oyera ndithu. Ana anadzuka m'malo mwawo. Pamenepo ndinawakhazika pansi n'kuwauza mobwerezabwereza kuti madzi amenewa sakumwa. Ndinati sefa yachotsa matope okha, koma muli tizilombo ting'onoting'ono todutsa mumchenga ngati mmene munthu amadutsira pageti lotsegula. Madzi akumwa ayenera kuwiritsidwa kapena kuthiridwa klorini.

Mwana wa atelala anakweza kapu ija n'kuiyang'ana padzuwa.

"Ba Ticha, tili kuti tuzilombo?"

Ndinamuuza kuti sitioneka ndi maso, pamafunika makina oonera tinthu tating'ono. Anandifunsa ngati tingawapange. Ndinati ayi. Pa zonse zimene ndinawaphunzitsa chaka chimenecho, chinthu chokhachi ndi chimene ndinalibe njira yowaonetsera. Anayenera kungondikhulupirira.

Patapita masabata angapo Ba Hedi anandiitana muofesi, nkhope ili yowala. Kunkabwera alendo a bungwe lina lothandiza masukulu, ndipo anamva kuti alendowo amakonda masukulu amene ana amaphunzira pogwira zinthu ndi manja.

"Vija vinthu vanu vili kuti? Vichotseni vonse. Mupange na vinangu."

Ndinakondwa, sindikana. Ndinaganiza kuti mwina tsopano aona. Ine ndi ana tinagwira ntchito sabata yonse, ngakhale nthawi yopuma.

Tsiku la alendo bwalo linasesedwa, miyala inapakidwa laimu. Ba Hedi anasankha okha ana oima kutsogolo, a yunifomu zatsopano ndi nsapato zakuda. Mwana wa atelala anali ndi patapata, choncho anamuika kumbuyo, ngakhale kuti sefa imene inali patebulo la alendo anapanga ndi iye. Ine anandiuza kuti ndiime pambali, ndizipereka zinthu zikafunika. Alendo anafika pagalimoto yaikulu yoyera, azungu awiri ndi anthu akuno angapo, mmodzi ali ndi kamera.

Ba Hedi analankhula Chingerezi chosalala. Anati kuyambira kale iwo amakhulupirira kuti mwana amaphunzira ndi manja. Anaonetsa timagalimoto, mlatho, kababu. Kenako anafika pasefa. Anakweza botolo la madzi a m'ngalande kuti aliyense aone, n'kuthira pamwamba. Pansi pa sefa panali kapu. Kuseri kwa katoni imene inali patebulo kunali kapu ina yofanana nayo, ndipo kuchokera pamene ndinaima ndinkaiona bwinobwino, pamodzi ndi botolo la madzi a m'shopu lomwe anathiramo. Madzi atadontha, Ba Hedi anatenga kapu ya pansi pa sefa, n'kuitsitsa kuseri kwa katoni ngati akufuna kupukuta tebulo, n'kukweza inayo.

Anati, ana athu tsopano atha kusandutsa madzi a m'ngalande kukhala akumwa. Ndipo anamwa, mpaka kapu yonse, n'kupukuta pakamwa ndi kampango kaja.

Alendo anaomba m'manja. Wa kamera anawapempha kuti akwezenso kapuyo. Ana onse a pasukulu anali pamenepo, kuyambira aang'ono mpaka a Giledi 7. Mayi wina wa m'gulu la alendowo, Mzambiya mnzanga, anandiyang'ana kamodzi n'kuyang'ana kumbali. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti anaona.

Galimoto itangotuluka pageti ndinalowa muofesi osagogoda.

"Ba Hedi, ana aona mukumwa. Akachita zomwezo kunyumba."

"Manje mufuna nichite chani? Yang'anani denga." Analoza m'mwamba, pamene malata anali ndi mabowo oonekera kumwamba. "Aja anthu azatipatsa malata. Mufuna ana azinkala m'manzi chaka na chaka?"

Za malata sankanama. Mvula ikagwa ana ankaunjikana pakona imodzi, mabuku ali m'malaya. Koma ndinawapempha kuti mawa m'mawa, ana ali pamzere, anene kuti madzi a m'sefa sakumwa. Mawu ochepa okha, osafunika ngakhale kuulula za kapu ija. Anati adzanena mawa. Mawa lake analankhula za ana ochedwa ndi za tsitsi losameta. Tsiku linalo analankhula za zomwezo.

Ndinauza kalasi yanga ndekha. Ndinati Ba Hedi sanamwe madzi a m'sefa, anamwa a m'shopu. Ana anayang'anana. Wina kumbuyo anati, "Koma tinaona." Ndinati munaona zimene anafuna kuti muone. Apo mwana wa atelala analankhula, mwaulemu monga mwa masiku onse, osati motsutsa, koma ngati munthu wofuna kumvetsa.

"Ba Ticha, munatiuza kuti tisavomere chabe chifukwa mwakamba. Ba Hedi anamwa, na lelo ali bwino."

Ndinangobwereza zomwe ndinanena kale. Ndinabwereza tsiku lililonse mpaka ana anayamba kutopa nazo. Nkhani inawafika Ba Hedi kuti ndikuuza ana kuti iwo ndi wabodza. Anandiitana n'kundikumbutsa kuti pasukulu ya mpingo mphunzitsi amalembedwa ndi komiti, ndipo wapampando wa komitiyo amapemphera nawo pabenchi limodzi.

Mvula inagwa yambiri chaka chimenecho. Zimbudzi zinasefukira, madzi analowa m'nyumba. Kolera inayamba kumalire kwa komboni n'kufalikira ngati moto. Masukulu anatsekedwa. Kumipope kunali mizere yaitali kuyambira m'bandakucha, ndipo mipope ina inamira, choncho anthu ambiri anabwerera kuzitsime zosazama za m'mbali mwa nyumba. Ine ndinali ku George, ndikumva nkhani pawailesi, ndipo nthawi iliyonse akatchula Kanyama ndinkaganiza za kapu ija.

Titatsegulira, malo a pafupi ndi khomo anali opanda munthu. Ana anandiuza kuti kwa atelala kunagwa maliro, kamwana kakang'ono kaja. Kanayamba kutsegula m'mimba m'mawa, pofika nako kumalo othandizira odwala kanali katafooka kale.

Sabata yomweyo atelala anabwera kusukulu. Anali munthu wamtali, woonda, wovala kofia yoyera. Ba Hedi anandiitanitsa muofesi. Ndisanakhale n'komwe pansi anandiloza.

"Sayansi amaphunzitsa ni aba. Afunseni aba."

Ndinayamba kunena kuti ndinawauza ana kuti aziwiritsa madzi, kuti ndinabwereza kambirimbiri. Mawu anga ankamveka opepuka, ngati a munthu wodziteteza. Atelala anadikira mpaka nditamaliza. Kenako analankhula pang'onopang'ono, Chichewa chakwawo chija chosasakaniza.

"Aphunzitsi, ine sindinabwere kudzaimba munthu mlandu. Mwana anapita, ndipo sabwerera. Ndabwera chifukwa cha wamkuluyu. Masiku amene mipope inamira, iye ankasefa madzi a pachitsime m'botolo lake n'kumapatsa mng'ono wake. Ife tinkaona madzi ali oyera, sitinaganize kanthu. Tsopano sakudya, sakulankhula, akuti anapha mwana ndi iyeyo. Akuti anaona a Hedi akumwa. Ndiye ndimati a Hedi abwere kunyumba, adzamuuze okha mmene zinalili. Ine ndikamuuza sakumva."

Ba Hedi anayamba kusuntha mapepala patebulo. Anati apepesa kwambiri, maliro ndi chinthu chowawa. Anati nkhani ngati iyi iyenera kudutsa kukomiti, sangangopita kunyumba za makolo popanda chilolezo. Anati sakukumbukira bwinobwino zimene zinachitika tsiku la alendo, kunali anthu ambiri. Ndinati ine ndikukumbukira, ndipo ndinanena zonse, za katoni, za kapu ziwiri, za botolo la m'shopu. Ba Hedi anandiyang'ana n'kufunsa kuti wina amene anaona ndi ndani. Atelala anaimirira, anathokoza, n'kutuluka.

Ndinapita ndekha kwa atelala titaweruka. Nyumba yawo inali ya zipinda ziwiri, khoma lili ndi mzere wosonyeza pamene madzi anafika. Amayi ake a mtsikana uja anandilandira osakweza maso n'kundilozera mkati. Mtsikanayo anali atakhala pansi pafupi ndi makina osokera, atakumbatira mawondo. Anali atatha. Ndinakhala pambali pake pamkeka.

Ndinamuuza kuti m'komboni monse anthu anadwala, ngakhale amene sanamvepo za sefa. Ndinati matendawa amalowera m'njira zambiri, m'manja, m'chakudya, m'matope amene kamwana kamaseweramo. Ndinati palibe angadziwe kuti analowera pati. Zonsezi zinali zoona. Ndinamuuzanso za kapu ziwiri, ndipo ulendo uno anagwedeza mutu kuvomera, koma mochedwa.

"Kapu ninamupatsa ndine," anatero.

Ndinati sizikutanthauza kuti ndi madzi amenewo. Ananditembenukira.

"Munganionetse?"

Sindikanatha. Ndinakhala naye mpaka dzuwa litapendeka, ndikugwira dzanja lake, lomwe linali lozizira ndi lopanda mphamvu. Potuluka amayi ake anandiperekeza mpaka pakhomo pokha.

Malata anabwera mvula itatha, ndipo denga linakonzedwa. Pamodzi ndi malatawo panabwera bokosi lalikulu la zipangizo za sayansi. Ndinaliona likutsegulidwa muofesi. Munali mabotolo agalasi a makosi aatali, maginito, mawaya, ndi makina oonera tizilombo, atsopano, okutidwa m'pulasitiki. Ba Hedi anawagwira mosamala, n'kuwabwezera, n'kukhoma kabati. Anati ana athu ndi owononga, zimenezi zizituluka alendo akabwera. Pakhoma la ofesiyo anapachika chithunzi chimene alendo anatumiza, iwo atakweza kapu, akumwetulira, ana a nsapato zakuda atawazungulira. Pambuyo pake bungwe lija linawaitana kumsonkhano wa kuhotela kuti akafotokozere aphunzitsi ena mmene angaphunzitsire sayansi ndi zinthu zotola. Anandipempha kuti ndiwafotokozere kapangidwe ka timagalimoto ta baluni, poopa kuti angakawafunse.

Komiti inakhala pansi n'kugamula kuti m'makalasi musamalowenso zinyalala, popeza zimabweretsa matenda. Palibe ananditchula dzina, koma m'komboni nkhani inali itayenda kale kuti kuli ticha wina amene anaphunzitsa ana kumwa madzi a m'ngalande. Azimayi a pamsika anasiya kukodolana, anayamba kungokhala chete ndikamadutsa. Anandichotsa ku Giledi 5 n'kundipatsa ana a Giledi 1, kumene sayansi yake ndi kutchula mphuno ndi makutu. Mwana wa atelala sanabwererenso. Anamutumiza kwa azakhali ake ku komboni ya Chaisa kuti akaiwale, ndipo ndinamva kuti kumeneko sukulu sanaipitirize. Chaka chitatha ndinachoka. Tsopano ndimaphunzitsa ku Mtendere, pasukulu ya denga labwino, ndipo ndimalemba manotsi pabolodi, ana n'kukopera. Amakhoza mayeso. Makolo amandikonda.

Ba Hedi anapuma pantchito mwaulemu waukulu. Kunali phwando, kwaya ya mpingo inaimba, ndipo ndinamva kuti wina polankhula anawatcha tate wa sayansi ku Kanyama. Anandiitana, koma sindinapite.

Chaka chatha ndinapita kumsika wa ku Kanyama kukaona mnzanga wodwala, ndipo ndinawapeza atelala ali pakhonde lomwe lija, tsitsi litachita mbuu, atavala magalasi omanga ndi ulusi. Ndinadutsa kamodzi, kenako ndinabwerera. Ndinagula chitenje pafupi pomwepo kuti ndikhale ndi chifukwa choimira. Anandizindikira nthawi yomweyo n'kundipatsa mpando, ndipo ndinawapempha kuti andisokere diresi.

Akundiyeza ndinafunsa za mwana wawo. Anati ali bwino, anakwatiwa komweko ku Chaisa, ali ndi ana. Amasoka nayenso, ndipo dzanja lake ndi labwino kuposa lawo. Anaima pang'ono, tepi ili paphewa panga.

"Koma amawiritsa chilichonse, aphunzitsi. Madzi akumwa, otsukira mbale, ngakhale osambitsira ana. Mbaula yake sizima. Anzake amamuseka kuti akutha makala, mwamuna wake amadandaula. Ana ake saloledwa kumwa madzi kunyumba kwa munthu, ngakhale kwanga kuno."

Ndinafunsa ngati ndingakamuone. Anaganiza, kenako anati mwina ndi bwino kumusiya. Sananene mwaukali. Anandiuza kuti ndidzatenge diresi Loweruka, ndipo ndinapitadi. Analisoka bwino kwambiri, linandikwana ndendende nditaliyesa kuseri kwa nsalu yawo yotchinga. Ndinalipinda n'kuliika pansi pa sutikesi, ndipo sindinalivalepo.